Mutu umene a Lumo sanaumalize

Anthu anawapatsa dzina lakuti a Lumo chifukwa chiyambireni kumeta, dzanja lawo silinatererepo. Babashopu yawo ndi kachipinda kamodzi kuseri kwa golosale. Muli mpando wozungulira wong'ambika pamsana, galasi lothimbirira m'mphepete, benchi ya odikira, ndi wailesi yomwe imalankhula ikafuna yokha. Ntchitoyi anaiyamba ndi sizasi ndi chipeso, ndipo ndi imene analerera alongo awo bambo atamwalira. Chimene amanyadira koposa n'chakuti palibe munthu anatulukapo pakhomo pawo ndi mutu wosatha. Magetsi akathima, amabwerera ku sizasi yawo yakale ija.

Wometa amaima kumbuyo kwa munthu, choncho za pafoni ya mwini mutu amaziona, afune asafune. A Lumo juga sanaigwirepo, koma masewera a pafoniwa awaonera pamwamba pa mitu yambirimbiri. Akale aja ozungulitsa zipatso amati ndi mbava yopanda chinyengo: imakulanda ukuona n'kukusiya. Amene amadana nawo kwambiri ndi atsopanowa, osakaniza kuzungulitsa ndi bingo. Manambala amagwa, mizere ikudzaza, mtima ukukwera, kenaka mwayi wozungulitsa umatha patatsala nambala imodzi yokha. Apo masewerawo amakufunsa mwaulemu ngati ungagule mwayi wina, ndipo mtengo wake umakwera ukagulanso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. A Lumo safunikanso kusuzumira, amamvera pa khosi la wometedwayo. Likauma ngati mpini, amadziwa kuti mwini wake watsala ndi nambala imodzi.

Loweruka lina kunabwera mlamu wawo, mwamuna wa mlongo wawo wamng'ono, amene amanyamula anthu pa njinga yamoto. Njinga imeneyo ndiyo inkalipira nyumba ndi kudyetsa ana atatu. Anakhala pampando akumwemwetera, nati amumete bwino chifukwa akukakumana ndi munthu wofunika. Pakamwa pa mlamuyo sipasunga kanthu. Mashini asanafike pakati pa mutu anali ataulula kuti wapambana bonasi yaikulu, koma masewerawo akukana kumupatsa mpaka aseweretse ndalama zake kangapo konse. Choncho masana omwewo akukagulitsa njinga kuti apeze zoseweretsazo, ndipo Lolemba adzagula ziwiri.

A Lumo anayang'ana mutuwo m'galasi. Kumanzere kunali mbee, kumanja tsitsi lili tchire. Anazimitsa mashini n'kuwakoloweka pa msomali.

"Alamu, magetsi athima?" anafunsa mlamuyo.

"Ayi, alipo. Ndazimitsa ndine. Ndimaliza mukawaimbira ogulawo kuti njinga sikugulitsidwa."

A pabenchi anaseka, poganiza kuti n'zachilamu. Koma a Lumo anapinda manja. Mlamuyo anayamba ndi kunyengerera, kenaka analalata kuti njinga ndi yake, mutu ndi wake, banjanso ndi lake, ndipo wometa athere pa tsitsi. Mawuwo anawalasa a Lumo. Kuona mutu wosatha pampando wawo kunkawawawa ngati dzino, ndipo zala zinkachita kuyabwa kuti zitengenso mashini. Sanawatenge. Mlamuyo anataya nsalu pansi, navala chipewa chake cha panjinga, n'kutuluka osatsazika.

Tsoka lake linali lakuti mapepala a njingayo anali kunyumba, m'sutikesi ya pansi pa bedi. Mkazi wake anamupeza atagwada kuchipinda akufwanthula zovala, chipewa chili kumutu, thukuta likutsika m'khosi. Anamuuza kuti avule. Atavula, mayiyo sanaseke. Iye ankawadziwa achimwene ake, a Lumo, kuti sangasiye mutu pakati popanda chifukwa.

"Achimwene mwawalakwira chiyani?" anafunsa, atakhala pamwamba pa sutikesiyo.

Sanadzukepo mpaka mwamunayo atanena zonse. Wogula uja anaimba foni mpaka kutopa. Mutuwo anaumaliza mayiyo ndi sizasi yodulira nsalu, ndipo unatuluka ngati munda wolimidwa ndi ana.

Chichokereni tsiku limenelo mlamuyo sanapondenso mu babashopu ya a Lumo. Amakametetsa kwina, kumene amamusiya makutu ali ndi tsitsi, ndipo akakumana pamsewu moni amayankha ndi chibwano. Ngati juga anaisiyiratu, palibe angalumbire. A pabenchi nawo sanawamvere chisoni a Lumo. Mpaka lero munthu akamakhala pampando amayamba wafunsa ngati amumaliza mbali zonse, ndipo a Lumo amayankha kuti zitengera zimene zili pafoni yake. Mbiri imene anaisamala moyo wawo wonse inathera pa mutu wa mlamu, ndipo mlamu yemweyo anawachotsa pa chibale. Zimawapweteka, sabisa.

Koma m'mawa uliwonse njinga ija imadutsa pakhomo pa babashopu, ana atatu atapanikizana kumbuyo mu yunifolomu ya sukulu. Woyendetsayo amayang'ana kutsogolo ngati sakudziwapo munthu. Kamtsikana ka kumapeto ndi kamene kamatembenuka n'kukweza dzanja kwa amalume ake. A Lumo amasiya munthu pampando n'kukaima pakhomo, chifuwa chili patsogolo, mpaka njingayo itakhota.