Misozi ya Lusungu

Ntchito ya makamera ndinaipeza chifukwa cha mkwiyo. Sukulu ndinasiyira Fomu 1, ndipo ndinkakweza mabelo a fodya pa Katowo. Tsiku lina woledzera anagwetsa kamera ya a Msiska, ojambula maukwati, ine ndikumugwira pakhosi. A Msiska anatileretsa nʼkunena kuti, "Manja amenewa bwera nawo mawa, uzidzawomba."

Sankaseka. Pojambula ndi makamera awiri, onse akayaka munthu amaima kutsogolo nʼkuwomba mʼmanja kamodzi. Pa laputopu kuwombako kumaoneka ngati munga pamzere wa mawu. Umakoka mzere wa kamera yachiwiri mpaka minga iwiriyo ilunjikane. Ukaphonya pangʼono, pakamwa pamayenda mawu atadutsa kale.

Kenaka unabwera ukwati wa ku Nchenachena. Mkwatibwi anali Lusungu, amene anandisiya nʼkutola mphunzitsi. Ndinati sindipita. A Msiska anati, "Ndiye kamera yachiwiri agwira agogo ako?"

Iwo anaima kuguwa ndi mayikolofoni, ine chakukhomo. Malumbiro ali pafupi, Lusungu anacheuka, maso pa ine, misozi mbwee. Ndinati basi, amukakamiza, akundifunabe. Pa pikapu pobwerera ndinkakonza kale zokamuuza.

Lolemba ndinaika makadi a makamera onse awiri mʼlaputopu, ndikupeza minga, ndikulunjikitsa. Zithunzi ziwirizo zinayamba kuyenda limodzi. Kumanzere, Lusungu akulira kuyangʼana ine. Kumanja, mphindi yomweyo, kamera ya a Msiska ikuonetsa kumbuyo kwanga: anyamata akulowetsa mayi a Lusungu atawanyamula pampando, mayi odwala a ku Mwazisi amene aliyense ankati safika. Mayikolofoni inagwiranso kunongʼona kwa Lusungu pothokoza mwamuna wake: "Mwawatengetsa ndinu? Yewo chomene."

Ine ndinali chabe chinthu chotchinga njira.

Ndinamenya tebulo mpaka mausi inagwa. Ndiye ndinakoka mzere wanga, misozi ija ndikuiika pamene Lusungu ankati "ndilola", azioneka ngati akulirira wina, kuti mwamunayo adzaonere nʼkumva zomwe ndinkamva ine. Zinakwana bwino moopsa.

A Msiska anaima kumbuyo kwanga, maso pa laputopu.

"Iwe, minga yako yasiyana."

"Ndikudziwa, bwana."

Anatuluka. Ndinakhala pamenepo mpaka maso atauma, kenaka ndinabweza mzere pamunga pake.

Mpaka lero ndimajambula, ndipo mkwiyo sunandithere. Koma nkhope ya munthu sindiikhulupirira pa kamera imodzi. Ndimayamba ndaona chimene chinali kumbuyo kwanga.