Njinga ya Atsibweni ndi Katemera wa Nthomba

Mlongo wanga anabadwa wochepa kwambiri moti amayi ankamusambitsira m'chipande. Sindikunama, chipandecho ndinamweramo. Akatsokomola, nyumba yonse inkangoti zii, chifukwa amayi anali ataika kale ana awiri, onse ndi nthomba.

Chaka chimene nthomba inamvekanso cha ku Dzalanyama, anthu a katemera anafika kwathu pa Mitundu ndi singano zawo zokandira pamkono. Atsibweni, alongo awo a amayi, ndiwo anali eni mbumba, ndipo analamula kuti ana onse akabisidwe m'chigafa cha fodya. Ankati iwo nthomba anadwala n'kuchira popanda mzungu. Kuchira anachiradi. Kumaso kwawo kunatsala maenje oti mvula ikagwa achule ankaikiramo mazira. Ndikulumbira, ndinkawamva achulewo akulira.

Bambo anali mkamwini. Pamudzipo mawu awo ankabwera pambuyo pa a tambala. Ataonetsa chipsera cha katemera chimene anabwera nacho ku migodi ya ku Joni, atsibweni anawauza kuti chawo ndi khasu, za ana azisiye.

Tinaswera m'chigafa muja, mlongo wanga akutsokomola ndi fodya mpaka milomo kuda. Titatuluka, amayi anakagwada kwa atsibweni.

"Achimwene, anthu akutiseka. Mwana wayamba kukwawa, koma kwawo kwa bambo ake ku Nathenje sanamuonepo. Akuti kuno mwambo sitiudziwa."

Atsibweni mukanawanena ufiti akanangoseka, koma osati zoti sadziwa mwambo. Anakalipira bambo kuti ndi aulesi, n'kuwabwereka njinga yawo, imene ngakhale ntchentche inkayamba yapempha isanaterepo. Chimene sanauzidwe n'chakuti a katemera aja anali atalowera ku Nathenje komweko. Amayi anazimva kuchitsime.

Tinakwera tonse, ine pachitsulo chakutsogolo. Titafika ku Nathenje, a katemera anatikanda awirife pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinalira mpaka ku Nkhoma anaimba belu poyesa ndi maliro. Mlongo wanga anangoyetsemula. Kwa abale a bambo tinafikako ndithu, kuti bodza likhaleko ndi kanyama pang'ono.

Nthomba inalowa m'mudzi mwathu nthawi yokolola. Nyumba zambiri zinalira, yathu ayi. Mlongo wanga uja lero ali ndi zidzukulu, m'chipande sakwananso. Atsibweni anafika pomwalira akuuzabe aliyense kuti anapulumutsa mwanayo ndi iwo, poti njinga inali yawo. Bambo, pokhala mkamwini, ankavomera.