Tizigawo Khumi ndi Tiwiri ta Mayi Achiwiri

Ine ndayenda, abale anga mwa Ambuye. Ndinayamba ndi wilibala yobwereka, lero ndili ndi malole asanu ndi limodzi onyamula mapiyano, ndipo ndakhalapo pamipando yakutsogolo m'maholo a nyimbo a maiko khumi ndi anayi. Choncho ndikanena kuti nyimbo yokoma kuposa zonse ndinaimvera m'tchalitchi mwathu muno, chikhalirecho panalibe chingwe ngakhale chimodzi chimene chinalira, musandiyese wabodza. Imvani kaye za mayi amene tinawaika m'manda mwezi watha, amene tonse tinkawatcha Achiwiri.

Anabadwa m'banja la mlonda wa pasukulu yophunzitsa nyimbo. Ali mtsikana ankathandiza mayi awo kusesa m'makalasi, ndipo mphunzitsi wina atawamva akung'ung'udza molondola nyimbo imene inkawakanika ophunzira ake, anawapatsa vayolini yakale. Anaphunzira zaka khumi ndi chimodzi. M'mawa ankayamba ndi Misa, kenako maola asanu akukoka uta pazingwe, mpaka nsonga za zala zinauma ngati chikopa.

Chaka chomaliza panapezeka mwayi umodzi wokha wokapitiriza maphunziro kunja. Opikisana anatsala awiri, iwo ndi mnyamata wina waluso, ndipo anawapatsa nyimbo ya mavayolini awiri. Mnyamatayo anatenga mbali yoyamba, iwo yachiwiri. Maina a Oyamba ndi Achiwiri anachokera pamenepo.

Nyimbo zotere zimalembedwa papepala, zogawidwa m'tizigawo timene woimba amawerenga chamumtima. Patsamba lachitatu panali tizigawo khumi ndi tiwiri pamene vayolini yoyamba imakhala chete, yachiwiri n'kumaimba yokha. Malo amenewo Achiwiri anawakonzekera miyezi inayi.

Tsiku la mayeso, Oyamba, manja ali thukuta lokhalokha, anatembenuza masamba awiri nthawi imodzi. Achiwiri anamva pomwepo kuti mnzawo walumpha. Akanangoima, wolakwa akanaonekera poyera. Koma anamutsatira, nyimbo sinaduke, ndipo tizigawo tawo tija tinapita osaimbidwa. Oweruza atafunsa kuti walumpha ndani, Oyamba anayang'ana nsapato zawo. Achiwiri anadikira kuti mnzawo anene yekha. Sananene.

"Mtsikanayu wathawa povuta," anatero wamkulu wa oweruza.

Oyamba anapita kunja, nakhala wotsogolera magulu a oimba ndi kandodo. Ine ndinawaonako ndi maso angawa m'maiko awiri, atavala jekete la mchira ngati namzeze.

Achiwiri analowa gulu la oimba la mumzinda muno, nakhala pamzere wa mavayolini achiwiri zaka makumi atatu ndi chimodzi. Anakwatiwa ndi telala, amene anamwalira ana atatu akadali pasukulu. Anasamala bambo awo atachita khungu. Lamulungu lililonse ankaimba limba pa Misa yoyamba, ngakhale atabwera mochedwa kuchokera kuholo. Ndipo tsiku lililonse, anzawo asanafike pokonzekera, ankayenda mpando ndi mpando akupinda kakhutu ka tsamba lililonse la nyimbo.

"Amayi, mapepalawa anakulakwirani chiyani?" ankawaseka woimba lipenga.

"Tsamba lopinda khutu silimamatira linzake, mwanawe," ankayankha. Chifukwa chake sanauze munthu.

Mkulu wa bungwe la oimba atatula pansi udindo, bungwe lili pafupi kutsekedwa, oimba anasankha Achiwiri. Ofesi yawo inali kachipinda kokhala ndi tebulo, kabati ya mapepala a nyimbo ndi mtanda pakhoma. Mmenemo ankakonza ndondomeko ya chaka, kulemba makalata, ndi kumva madandaulo a oimba makumi anayi, aliyense wodziona ngati ndiye mwini nyimbo. Anatsegula kalasi ya Loweruka ya ana a anthu wamba. Msonkhano sunkayamba asanapemphere. Ine ndinalowa m'komiti nthawi imeneyo, ndipo ndisabise, piyano yawo ndinkainyamula ulere. Ankakonda kutiuza kuti: "Wotsogolera akhale ngati wachiwiri. Ntchito yake ndi kumva."

Tsiku lina m'mawa anagogoda Oyamba. Anali atakalamba, dzanja likunjenjemera, ndipo kunja kuja anali atawapumitsa.

"Mayi, mukundikumbukira?"

"Ndingaiwale bwanji munthu waliwiro chotere? Khalani pansi, achimwene."

"Ndabwera kudzapempha ntchito. Koma pali nkhani ya tsamba lija..."

"Ntchito muyamba Lolemba. Za tsambalo ndinazisiya kwa Mwini wake kalekale. Iye salumpha tsamba."

M'komiti ine ndinakana. Ndinati munthu wonjenjemera dzanja adzatichititsa manyazi.

"Inu a malole," anatero Achiwiri, "tayala likatha mumataya lole? Khutu lawo likadali lakuthwa."

Ndinagonja, chinthu chimene sichichitikachitika.

Oyamba anagwira ntchito yotsogolera oimba zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo gulu linaimba bwino kuposa kale. Kangapo konse anapempha kuti aimbenso nyimbo ija awiriwiri pagulu, koma Achiwiri ankati pulogalamu yadzaza, achinyamata nawonso akudikira mpata.

Achiwiri atadwala, Oyamba anawayendera atanyamula vayolini ndi mapepala aja. Achiwiri anayang'ana zala zawo zotupa, naseka.

"Zala zakana, achimwene. Mundisungire malo anga aja a patsamba lachitatu. Musapatse wina."

Analandira masakaramenti Lachitatu. Lachinayi m'mawa, mwana wawo wamkazi akuwawerengera salimo, anatseka maso ngati munthu amene akumvetsera, osatsegulanso.

Pa Misa yamaliro, wansembe atamaliza, Oyamba anaimirira kutsogolo. Anauza tchalitchi chonse zimene ndakufotokozerani zija: amene analumpha tsamba anali iwo, ndipo ulendo wakunja unali wa Achiwiri. Woimba lipenga uja anagwira pakamwa.

Kenako Oyamba anatenga vayolini. Mbali yachiwiri anaimba mwana wamkazi wa malemu, amene nayenso ndi woimba m'gululi. Anaimba tsamba loyamba, lachiwiri. Oyamba anagwira kakhutu kopindidwa, natembenuza tsamba limodzi lokha. Pofika pamalo paja anatsitsa uta. Mwana wamkazi uja anatsitsanso wake, pakuti mayi ake anati malowo asapatsidwe wina.

Tchalitchi chinati zii. Palibe amene anatsokomola. Milomo ya Oyamba yokha ndiyo inkagwedera, akuwerenga pang'onopang'ono, osathamanga, misozi ikudontha pavayolini. Oimba makumi anayi aja ankawerenga nawo pamipando yawo. Inenso ndinawerenga ndi zala, monga ndimawerengera katundu potsitsa mulole.

Tinakwana. Tizigawo khumi ndi tiwiri, osachotsapo ngakhale kamodzi. Pamenepo mpamene Oyamba anakwezanso uta.