Emelda ndi Msonkhano wa pa Chonde

Emelda Muhiwa anabadwira kukomboni ya esiteti ina ya tiyi m'munsi mwa phiri la Mulanje. Bambo ake ankathyola tiyi. Atamwalira ndi chifuwa, kapitawo anabwera anthu asanabalalike n'komwe pamaliro kudzanena kuti nyumbayo ikufunika. Mayi ake anatenga ana awo awiri, Kondie ndi Emelda, n'kubwerera kwawo kufupi ndi Chinakanaka, kumene anali ndi kamunda ka makolo.

Kondie ndiye anali wamkulu, mnyamata wamtali, wosachedwa kuseka komanso wosachedwa kupsa mtima. Anasiya sukulu n'kukayamba kabaza ku Muloza, kunyamula anthu ndi matumba opita ku Milange. Emelda analekeza Folomu 3, nayamba kugulitsa mbewu pamsika: nandolo, nyemba ndi chimanga cha makolo choyezera pambale. Anali ndi mawu omveka mpaka kutsidya kwa msewu, ndipo munthu akamuuza chinthu sankachilandira asanachitembenuze uku ndi uku.

Zaka zotsatizana ntchemberezandonda zinadya chimanga cha mayi ake. Anathiramo phulusa, anathiramo dothi, anathiramo msuzi wa usipa kuti nyerere zibwere, koma mbozizo zinkangonenepa. M'nyengo imeneyo ndi m'mene pabenchi yake panafika mtsikana wina wovala mpango wa Chisilamu, dzina lake Rehema Juma. Anali ataphunzira zaulimi kuyunivesite ndipo ankagwira ntchito kubungwe lina.

"Chemwali," anatero Rehema, "kuli chimanga chimene akatswiri achisintha chibadwa m'labotale kuti mbozi ikachidya izifa. Akuluakulu amakambirana okhaokha malamulo oyendetsera mbewu zotere, chonsecho amene adzazilime ndi kuzidya ndi achinyamata. Tikufuna timve maganizo anu."

"Mbozi izifa, nanga ine wodya?" anafunsa Emelda. "Ndikakolola ndingasungeko n'kudzalanso? Mungu wake ukagwera m'munda mwa amayi, chimanga cha amayicho chikhala cha ndani?"

Rehema anakhala pathumba la nyemba n'kumuyankha modekha zimene zinayesedwa ndi zimene zikuyesedwabe. "Koma funso lachitatulo si la m'labotale ayi," anatero. "Ndi la lamulo. Mudzalifunse pagulu, ndipo mubwere ndi anzanu."

Emelda anaigwira ntchitoyo ndi mtima wonse. Anayenda m'makwaya, m'mabwalo a ntchemberembaye ndi m'masiteji a kabaza, kuuza achinyamata kuti Loweruka lina kudzakhala mtsutso pa Chonde. Koma kunali uthenga wina umene unkayenda mofulumira kuposa iye. Pamafoni a anthu pankamveka mawu a bambo wina wosadziwika, akunena kuti chimangacho n'chotseka kubereka, ndipo aliyense wokalowa mumsonkhanowo akamupopa magazi. Anthu a ku Mulanje anali asanaiwale chaka cha anamapopa, pamene alendo ankaphedwa chifukwa chongonyamula chikwama.

Kondie anali atakhala pabanja zaka zingapo wopanda mwana, ndipo anzake pasiteji ankamunyogodola. Uthengawo unamulowa kumtima. Tsiku lina la msika anatsamiritsa njinga pamtengo, n'kumenya theche beseni la nandolo la mlongo wake. Nandolo anamwazika mpaka mungalande.

"Iwe Emelda, wayamba kugulitsa anthu?"

"Achimwene, ngati muli ndi mantha, bwerani mudzawanene pamsonkhano. Ndi ntchito yake imeneyo."

"Tibweradi," anatero Kondie, n'kukwera njinga.

Lowerukalo kunacha ndi chiperoni. Holo ya mpingo wina pa Chonde inadzaza, ena anaima m'mawindo. Zinayamba bwino. Mnyamata wina anati bola chimangacho chibwere, watopa kulimira mbozi. Mtsikana wina anati chibwere koma chilembedwe pathumba kuti munthu azisankha akudziwa. Emelda anali kutsogolo, akuloza amene alankhule, pamene kunja kunamveka malikhweru ndi mabelu a njinga.

Panja panali galimoto ya bungwe. Dalaivala wake, a Bonface, bambo a imvi, anali atatsegula chitseko akudya nthochi. Gulu linawazungulira, ena ali ndi zibonga, ena zikwanje. Wina anatsegula kumbuyo n'kupeza bokosi lozizira. Munali mabotolo a chakumwa chofiira chimene anagulira achinyamata kuti amwe masana.

"Magazi! Awa magazi!"

Palibe amene anatsegula botolo. Anawakoka a Bonface ndi miyendo, mutu wawo n'kumenyetseka pachitsulo cha chitseko. Iwo anakweza manja akuti, "Ana anga, imwani muone," koma chibonga chinawagwera pakamwa. Anayesa kukwawa, wina anawatema kumsana. Njerwa zinayamba kuwagwera. Ena anaigubuduza galimoto, n'kuboola thanki, n'kuyatsa.

M'holo mwala woyamba unaswa galasi n'kung'amba chipumi cha mtsikana amene ankalankhula za thumba uja. Anthu anapondana pakhomo, mabenchi akugwa. Rehema ataona dalaivala wake pansi sanathawire kuseri monga anachitira ena, anathamangira komweko akukuwa kuti amusiye. Wina anamugwira mpango n'kumugwetsa chagada m'matope. Nsapato inamuponda pachifuwa, ina pankhope.

Emelda sanaganize. Anadutsa pakati pa miyendo ya anthu n'kudzigwetsa pamwamba pa Rehema, n'kumukumbatira mutu. Zibonga zinasamukira pamsana pake. Ankazimva ngati akumenya wina, mpaka chikwanje chinamupeza pamkono, chinalowa mpaka pafupa. Anatembenuza nkhope n'kuyamba kuitana mayina a amene ankawadziwa.

"Yosefe, ndakuona! Evance, si iwe timaimba limodzi kwaya? Ndine Emelda!"

Evance anataya ndodo n'kubwerera m'mbuyo. Yosefe sanabwerere. Ananyamula theka la njerwa n'kumumenya nalo pakhutu lakumanzere. Dziko linachita zii. Ali chigonere choncho anaona Kondie akuchokera kumene kunali a Bonface, malaya ali magazi okhaokha, mwala uli m'manja. Maso awo anakumana. Kondie anatsegula pakamwa, koma Emelda sanamve chimene ananena. Anangomuona akumenya Yosefe ndi mwala womwewo, kenako akugwetsa wina ndi mutu, kenako ataima pamwamba pa atsikana awiriwo miyendo ili tang'a, akuzunguza tcheni cha njinga.

Apolisi atafika ndi utsi wokhetsa misozi gulu linabalalika. Kondie ananyamula mlongo wake, n'kubwereranso kudzanyamula Rehema, n'kuwakweza muminibasi imene anaiimitsa poima pakati pa msewu. Iye sanakwere. A Bonface anafera pomwepo, pafupi ndi galimoto yawo ikuyaka.

Emelda anakhalitsa m'chipatala. Khutu lakumanzere silinamvenso, ndipo zala ziwiri za dzanja lotemedwalo zinauma. Apolisi anabwera pabedi pake kudzafunsa amene anawazindikira. Mayi ake anali pomwepo, atakhala pansi pamkeka. Emelda anatchula Yosefe, anatchula Evance, anatchula ena. Wapolisi anafunsa ngati panalinso wina.

"Analipo achimwene anga, a Kondie. Ndi amene anatipulumutsa. Koma ndinawaona akuchokera pamene panagona adalaivala, ali ndi mwala."

Mayi ake anadzuka, anapinda mkeka n'kutuluka. Kwa miyezi yambiri ankamuphikira, kumuchapira ndi kumumanga bala, koma osamulankhula. Kondie anali atawoloka kale kupita ku Mozambique tsiku lomwelo, ndipo mpaka lero sanabwerere. Anthu amati amamuona ku Milange akusenza matumba. Mkazi wake anadikira, kenako anabwerera kwa makolo ake.

Mlandu utatha, Yosefe ndi anzake atapita kundende, mayi a Yosefe anabwera pamsika. Anamulavulira Emelda kumaso anthu akuona, n'kumukanda patsaya mpaka magazi. Amayi ogulitsa tomato anawagwira n'kufuna kuwamenya, koma Emelda anawaletsa. Anapukuta nkhope ndi chitenje, n'kukhala pansi, ndipo tsiku limenelo sanathenso kuyeza mbewu.

Rehema anachira, ngakhale nthiti zimamupwetekabe kukazizira. Bungwe lake linkafuna kusiyiratu ntchitoyo ku Mulanje, koma iye anabweranso pabenchi ya Emelda, ali yekha, paminibasi. Anagwirana manja nthawi yaitali.

"Ndinakubweretserani tsoka, chemwali," anatero Rehema.

"Tsoka linalipo kale. Ife tinachedwa. Anthu anamva za bambo wa pafoni uja asanamve za ife."

Anayambiranso, koma osati m'holo. Ankakhala pansi pa mtengo masana, anthu ochepa, nthawi zina pasiteji ya kabaza penipeni, ndipo woyamba kulankhula ankakhala amene ali ndi mantha. Ena ankawatukwana. Pena ankawathamangitsa ndi miyala asanakhale n'komwe. Patapita nthawi Emelda anaitanidwa ku Lilongwe pamodzi ndi achinyamata a m'maboma ena. Atapatsidwa mpata analankhula m'Chichewa, ngakhale onse amene anamutsogolera analankhula Chingerezi. Anati iye sakudziwabe ngati chimangacho angachidzale. Anapempha kuti lamulo lililonse asanalisainire lizikafotokozedwa m'misika, m'chilankhulo cha anthu, ndipo anatchula dzina la a Bonface kuti lilembedwe.

Anamuwombera m'manja, anamujambula, n'kumukweza basi. Zimene zinatsatira kumeneko iye sanamve. Akadali pa Chinakanaka, ndipo mwezi uliwonse amatseka benchi tsiku limodzi kupita kumene achinyamata amuitana. Mayi ake anayamba kumulankhulanso, koma pa za kumunda zokha.