Mlonda wa Phanga ndi Kachitini ka Penti

Kuseri kwa mudzi wathu, ukachoka pa Nsaru kulowera cha ku Kabudula, kuli kaphiri ka miyala komwe kali ndi phanga. M'makoma a phangalo muli zojambula zofiira: timizere, tozungulira, ndi tina tooneka ngati mapazi a nkhuku. Akuluakulu ankati anajambula ndi Akafula, anthu aafupi aja amene ankakhala kuno makolo athu asanabwere. Ife tinakula tikuziona ndipo sitinkazilabadira. Phangalo linali pousa mvula ikatipeza tikutola nkhuni, basi.

Zinthu zinasintha wayilesi italengeza kuti miyala yojambulidwa ya ku Dedza yalowa m'gulu la malo amene dziko lonse lapansi liyenera kuwasamala. Pasanapite nthawi kunabwera bambo wina wa boma pa njinga yamoto. Anakwera kaphiriko, n'kutsika akupukuta thukuta. Anati zojambula zathu ndi zapachibale ndi za ku Dedza, choncho pakufunika munthu woziyang'anira. Atanena kuti malipiro palibe, aliyense anayamba kuyang'ana zala zake zakuphazi. Amene anakweza dzanja ndi amuna anga.

Amuna angawa ndi munthu wabwino, koma akayamba chinthu sadziwa polekezera. Anawapatsa jombo ndi wezulo, ndipo kuyambira tsiku limenelo jombozo ankavala ngakhale kumaliro. M'mawa uliwonse ankayamba akwera kuphiri asanapite kumunda.

Adani awo oyamba anali mbuzi, zomwe zinkakonda kudzikanda pakhoma lojambulidwa. Mbuzi simva wezulo. Ikamumva imangokuyang'ana uku ikutafuna. Adani achiwiri anali amayi a mpingo wina omwe ankakasala kudya m'phangamo, n'kumayatsa makandulo mpaka mwaye kudetsa denga. Amuna anga atapita kukawaletsa, amayiwo anawazungulira, kuwagwira pamutu, n'kuyamba kutulutsa chiwanda chodana ndi mapemphero. Anabwera kunyumba kolala ili pambali.

“Zatha bwanji, bambo a ana?” ndinafunsa.

“Tagwirizana,” iwo anatero. “Azipemphera panja pa phanga. Koma akuti Lachisanu ndipitenso, chiwandacho sichinatheretu.”

Kenaka uthenga unafika kuti kukubwera alendo odzaona mmene malowo akusamalidwira, mmodzi wochokera kunja. Apa ndi pamene mtendere unachoka m'nyumba mwathu. Amuna anga anakhala m'phangamo tsiku lathunthu akuyang'ana khoma, ndipo anatsika ali ndi nkhope ya munthu amene ng'ombe yake yadwala.

“Mayi a ana, zojambula zija zafwifwa,” anatero. “Munthu akwere ndege kudzaona zinthu zosaoneka? Adzati mlonda wake ndi waulesi.”

Tsiku la msika anapita pa Nsaru ndi nkhuku yanga yathazi, n'kubwerako ndi burashi ndi kachitini ka penti wofiira, uja timapaka malata. Cholinga chawo chinali choti adutsitse burashi pa mzere uliwonse wa Akafula kuti uwale.

Ine za malamulo a malo otere sindinkazidziwa. Chimene ndinkadziwa ndi dzanja la amuna anga.

“Inu, munaphunzira kuti zojambula? Mizere ya m'munda yomwe imakukhotani. Bwanji muyambe mwayeserera pa mwala wina?”

Anandiyang'ana mokwiya, koma anamvera. M'munsi mwa kaphiriko, m'mbali mwa njira, muli thanthwe losalala. Anayamba bwino ndithu: tozungulira, timizere, mapazi a nkhuku. Koma dzanja litazolowera, mtima unakoma. Anajambula nkhuku yonse. Anajambula khasu. Anajambula njinga yokhala ndi keliyala, ndi munthu wovala chipewa ataikwera. Pamene ankati tsopano akwere kuphanga akayambe ntchito yeniyeni, m'kachitinimo munali mutatsala fungo lokha.

“Palibe kanthu,” anatero. “Ndikagula wina pa msika ukubwerawu.”

Alendo sanadikire msika. M'mawa mwake galimoto yoyera inaima pansi pa mtengo wa mango. Munatuluka mayi wina wa ku Lilongwe, wovala nsapato zokwerera mapiri, ndi mzungu wamtali atakoleka kamera m'khosi. Amuna anga anatsogolera, ine ndi theka la mudzi tikutsatira. Ndipo njira yopita kuphanga ndi imodzi yokha, yodutsa pa thanthwe lija.

Mzungu uja ataliona anaima chilili. Anatsegula pakamwa, n'kuyamba kulankhula mofulumira m'chinenero chake. Mayi uja anayandikira, kununkhiza, n'kukhudza ndi chala. Chalacho chinabwerako chofiira.

“Bambo, izi anajambula ndani?”

Amuna anga anati, “Akafula, mayi.”

“Akafula anali ndi njinga?”

“Mwina... ena mwa iwo. Olemerawo.”

Anthu kumbuyo kwanga anaphulika. Mlamu wanga anaseka mpaka kukhala pansi. Koma mayi uja sanaseke. Nkhope yake inasintha ngati munthu amene wamva uthenga wa maliro, ndipo anaponya maso kumtunda.

“Ndiuzeni zoona, bambo. Kuphangako mwapakanso?”

“Ayi, mayi. Ndimafuna kutero, koma penti anatha.”

Mayiyo anakhala pamwala, n'kupuma mozama. Kenaka anati, “Mulungu adalitse amene anakugulitsani kachitini kakang'ono.” Atamumasulira mzungu uja, nayenso anavula chipewa n'kuyamba kudzikupiza nacho.

Titafika kuphanga, mzungu anagona chagada pa ndowe za mbuzi, osasamala malaya ake, n'kumajambula denga ndi kamera yake. Mayi uja anaitana amuna anga pambali. Sanawakalipire, koma mawu ake tinkawamva tonse. Anati kufwifwako ndiye umboni wa ukalamba wa zojambulazo, ndipo burashi ikanadutsapo kamodzi kokha, palibe munthu padziko amene akanazibwezeretsa.

“Musapake kanthu. Musatsuke ndi madzi. Musakhudze n'komwe.”

“Nanga ntchito yanga ndi chiyani, mayi?”

“Kuonetsetsa kuti pasachitike chilichonse.”

Amuna anga anakanda m'mutu. “Ndiye kuti tsiku limene sindinachite kanthu, ndagwira bwino ntchito?”

“Eya. Bola enanso asachite kanthu.”

Mayiyo anayamikira kuti makandulo anachoka, n'kulangiza kuti pakhomo pa phanga patchingidwe ndi minga chifukwa cha mbuzi. Ndinkayembekezera kuti awalanda jombo, koma mayiyo atafunsa ngati pali wina wofuna udindowo, palibe amene anakweza dzanja. Chilango chinali chimodzi: thanthwe lija litsukidwe, kuopa kuti ana angatengere chitsanzo.

Tinatsuka banja lonse, ndi mchenga ndi parafini, mpaka zala kusupuka. Penti wa malata si wamasewera. Nkhuku inachoka, khasu linachoka, koma matayala a njinga anakana kwa nthawi yaitali. Amuna anga ankakwecha akung'ung'udza kuti anthu akutauni sadziwa luso.

Phanga lathu silinalowe m'gulu la dziko lonse lija. Boma linangobweretsa chikwangwani, ndipo amuna anga anapitiriza ulonda wawo mpaka mawondo atayamba kukana chitunda, pamene anasiyira mphwawo. Komabe ana asukulu akabwera ndi aphunzitsi awo, amuna anga amakakamira kukwera nawo, ndodo ili m'manja. Amawaimika patali ndi khoma, manja kumbuyo, n'kuwauza mwaukali kuti zojambulazi sazikhudza.

“Kunali chitsiru china m'mudzi muno,” amatero, “chinkafuna kupaka penti pamenepa. Mwamwayi ine ndinalipo.”

Tsiku lina mwana wina anafunsa kuti chitsirucho chili kuti masiku ano. Amuna anga anacheukira kwa ine, ine ndinayang'ana kumbali.

“Chinakalamba,” anatero. “Tiyeni tizitsika, dzuwa lakula.”