Mchere pa mlongoti wa sitima

Sabata ino mwana wanga Tamanda wanditumizira kanema pa foni, ndipo mpaka lero mtima sunakhale m'malo. Ali pa sitima ya kafukufuku kunyanja yamchere, wadzimanga chingwe m'chiuno, akukwera mlongoti atanyamula botolo la madzi. Pansi pake mafunde okhaokha. Mwana wokulira ku Block 6, dera lathu kuno kudziko la eni, wosadziwa n'kusambira komwe!

Nditamuimbira pa vidiyo anandifotokozera kuti pamwambapo pali kachida koyeza mmene mphepo ikuvindukira ndi chinyezi chimene yanyamula. Madontho a mafunde akauma amasiya mchere pa kagalasi kake, mcherewo n'kumayamwa chinyezi, basi kachidako kasokonezeka. Ndiye pamafunika munthu wokwera kukatsuka, ndipo munthuyo ndi mwana wanga.

Ine, mayi wa nzeru zanga, ndinamuuza kuti angokaphimba ndi kansalu, monga timachitira ndi TV fumbi la Ogasiti likavuta kuno. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Amayi, mukakaphimba ndiye kayeza chiyani?"

Kenako ananena mawu amene andidwalitsa. Akuti kachidako kakagwidwa mchere sikazima ayi. Kamangotumizabe manambala ngati zonse zili bwino, ndipo amene ali kutali sangadziwe kuti ndi abodza.

Abale anzanga, ndikuopa. Kugwa m'madzi ndikuopa, inde, koma izinso ndikuopa. Ana tawalera kunowa aona mmene timayankhulira ndi abale kumudzi. Pemiti yokhalira m'dziko muno ikuvuta, kontirakiti ikutha, koma foni ikalira yankho ndi lomwe lija, tili bwino, Mulungu akutisunga. Kutchalitchi timafika titatchena. Mukuganiza kuti anawa sanaphunzire? Lero abalalika, wina kumigodi, wina kutsidya kwa nyanja, ndipo uthenga ukubwera tsiku ndi tsiku osaphonya. Ife n'kumati ali bwino chifukwa sanasiye kulemba.

Tamanda kumuphimba sindingathe, wandiuza yekha. Ntchito yake ndi yapamphepo.

Tisanadule foni ndinamuyang'anitsitsa. Milomo yang'ambika, maso alowa m'kati. Ndinamufunsa ngati akudya, ngati akugona, ngati chingwe chija n'cholimba. Anayankha msangamsanga, m'Chitswana, chinenero chimene amathawirako akafuna kuti nkhani ithe.

"Ke siame, Mma. Ndili bwino."

Kachida kaja kali ndi Tamanda wokatsuka. Nanga "ndili bwino" wa Tamandayu, ndani akwere kukamuona?