Ndinamuuza Tisa Kuti Ndimusambitsa Mawa

Inu owerenga, pali mawu a Chingerezi amene ndinawaseka pagulu, koma lero ndimawadziwa kuposa amene anandiuza. Ndinadzawamvetsa pa maliro a mng'ono wanga Tisa, ndipo ndikulemba izi kuti wina wa inu asadzawaphunzire mmene ndinawaphunzirira ine.

Zinachitika m'komboni ya George ku Lusaka, zaka zija makampani ankatsekedwa, amuna athu n'kumangoswera pakhomo. Ufa tinkagula wa m'timapepala, wongokwana tsikulo. Matenda aja amene anthu ankaopa kuwatchula dzina anali atalowa pafupifupi nyumba iliyonse, zipatala zitadzaza, odwala ambiri ali gone kunyumba. Kutchalitchi kwathu tinayambitsa gulu la amayi loyendera odwala m'makomo. Tinkanyamula beseni, sopo, magolovesi ndi mafuta odzola. Ntchito yathu inali kusambitsa odwala, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala ndi kuchapa zofunda. Wodwala akatisiya, tinali ife tomwe okagona pamaliro, kuyambitsa nyimbo ndi kukasambitsa thupi kumotchale tisanapite kumanda ku Chingwere.

Ine ndinali wapampando wa gululo, ndipo ndisakunamizeni, ndinkadzitama nazo. Anthu ponena za ine ankati amake Lute sakana, ndipo mawu amenewo ankanditsekemera koopsa. Mayi wina akadwala kapena akagwa ulesi, makomo ake ndinkawatenga ine, pakamwa ndikung'ung'udza koma mumtima ndikunyada.

Gulu lathu linkayenderedwa ndi nesi wina wachikulire, ba Daka, amene ankatiphunzitsa kutsuka zilonda. Tsiku lina anasiya za zilonda n'kuyamba kunena za ife eni. Anati ife timangoti tatopa, koma Chingerezi chimasiyanitsa matopedwe. "Tired" ndi kutopa kwa masiku onse, kumene ukagona kumatha. "Exhausted" ndi pamene mphamvu zatheratu mpaka miyendo kunjenjemera, komabe ukapuma masiku angapo n'kudya bwino, zimabwerera. Kenako anatchula "burnout". Anati mawu amenewa sanena za thupi lokha. Amanena za munthu amene wasenza ntchito nthawi yaitali osatula, mpaka m'kati mwake mwapsa n'kutsala phulusa. Mbaula imaoneka ili pomwepo, koma ngakhale ukupize chotani palibe choyaka. Munthu wotere amayendabe, amagwirabe ntchito, koma chifundo chimamuuma, ndipo tulo sitimuchiritsa.

Atamaliza anandiyang'ana ine. "Amake Lute, nikamba imwe. Siyankoni manyumba yenangu, mupumuleko."

Ine ndinaseka chikhakhali. "Ba Daka, ivo ni va bazungu na ba mu maofesi. Ise ba mu komboni tilema chabe, mailo tauka." Ndinkatanthauza kuti ife timangotopa basi, mawa lake n'kudzuka tili bwino.

Amayi onse anafa nacho chiseko, ine n'kumva ngati ndapambana mlandu.

Chonsecho zizindikiro zonse ndinali nazo kale. Ndinkagona koma n'kudzuka ngati ndaswera ndikuphwanya miyala. Munthu akagogoda pachitseko mtima unkandipsa ndisanadziwe n'komwe kuti ndi ndani. Wodwala akabuula ndikumutembenuza, m'malo momumvera chisoni ndinkangofuna atakhala chete. Pamaliro ndinkayambitsa nyimbo ndi pakamwa pokha, maso ali gwa, maganizo ali kwina. Ine zonsezi ndinkaziyesa kukhwima pa ntchito.

M'nyumba mwangamo munali Tisa. Anabwera kuchokera kukomboni ya Matero mwamuna wake atamwalira, nayenso akudwala. Ameneyu ndi mwana amene ndinkamubereka kumsana tili kumudzi ku Katete, amayi akapita kumunda. Pofika nyengo yozizira sankathanso kudzuka yekha. Amuna anga sakanatha kusambitsa mlamu wawo, ana anga anali aang'ono, ndipo oyandikana nafe ankaopa kumukhudza. Womusambitsa anali mmodzi yekha, ine, katswiri wa komboni yonse.

Tsiku lina m'mawa ndikuchokera kogona pamaliro, ndinalowa m'nyumba kuti ndisinthe chitenje ndibwererenso. Tisa anandiitana ndi mawu otsika. "Ba sisi, nipempako. Munisambikeko na manzi yotentha, nanunkha."

Inu owerenga, apa mpamene pamandivuta kunena. Sindinamve chisoni. Ndinamuona ngati khomo lina lowonjezera pa makomo anga aja. Ndinamuyankha ndili chiimire pakhomo la chipinda kuti ndatopa, ndimusambitsa mawa. Iye sanadandaule. Anangoti, "Chabwino ba sisi, mupumuleko."

Mawa lake ndinafika pakhomo dzuwa likadali pamwamba. Ndikanakonda kukuuzani kuti nthawi inandichepera kapena kuti makala anatha, koma kungakhale kunama. Makala analipo, madzi analipo m'chigubu, beseni lili pakhonde. Ndinakhala pakampando panja n'kumangoyang'ana khoma la nyumba yoyandikana nafe. Ndinkamumva Tisa akutsokomola m'kati, mutu ukundiuza kuti dzuka ukoleze moto, koma thupi silinasunthe ndipo mtima unali zii. Ndinakhala pomwepo mpaka ana anabwera kudzafunsa za chakudya. Madzi sindinatenthetse.

Tsiku lotsatira kunali kuika maliro a bambo wina amene ndinkamuyendera, ndipo popeza amake Lute sakana, ndinakwera lole n'kupita ku Chingwere. Pobwerera, nditangokhota pampopi wa m'dera lathu, ndinaona mipando ya m'nyumba mwanga ili panja, amayi atakhala pansi pakhonde. Kwathu kuno mipando ikatulutsidwa chotero sufunsanso. Tisa anali atatisiya masana, ine ndikuyambitsa nyimbo pamanda a munthu wa eni.

Masiku onse a maliro sindinalire. Anthu ankandiyamikira kuti ndine wolimba mtima, ine n'kumagwedeza mutu.

Tsiku loika maliro a Tisa ndinalawirira kukoleza mbaula. Ndinatenthetsa madzi, n'kuwathira m'chigubu, n'kuchikulunga ndi zitenje kuti asazizire m'njira. Amayi amene ndinapita nawo kumotchale ankangoyang'anizana, chifukwa onse ankadziwa kuti kumeneko kuli mpopi, ndipo maliro onse amene tinasambitsapo tinkawasambitsa ndi madzi ozizira. Ndinathira madzi m'beseni, n'kuviikamo chigongono kuti ndimve ngati sakuwotcha, monga ndinkachitira Tisa ali khanda. Kenako ndinagwira dzanja lake, n'kumva kuzizira kwake. Pamenepo ndi pamene ndinalira, ndipo ndinalira mpaka amayi anzanga anandigwira n'kumaliza okha ntchitoyo.

Pambuyo pake ndinatha miyezi ndili m'nyumba. Beseni sindinkalikhudza n'komwe. Ba Daka ankabwera kudzandiona, ndipo sanandikumbutsepo za chiseko chija. Chimene chinandichititsa manyazi kwambiri n'chakuti gulu silinagwe. Amayi anagawana makomo anga, odwala anasambitsidwa, nyimbo zinayambitsidwa ndi ena. Zimene ndinkaopa kuti zichitika ndikapuma sizinachitike. Chimene chinachitika ndi chija chimene sindinkachiganizira n'komwe.

Masiku ano ndimamva achinyamata akunena mawu aja mwachisawawa. Wina wangoimirira pamzere wa basi kanthawi, ati ali "exhausted". Wina wawerenga mabuku madzulo amodzi, ati ndi "burnout". Sindiwadzudzula, koma mumtima ndimati mwana iwe, usawalakelake mawu amenewo. Komanso ndimamva anthu amsinkhu wanga akunena zomwe ndinanena ine, kuti zimenezo n'za anthu olemera, wosauka sapsa. Bodza limenelo, abale anga. Wosauka ndiye amapsa msanga, chifukwa alibe tchuthi ndipo alibe womulandira katundu.

Inu owerenga, makamaka inu amene mukusamalira odwala, inu amayi a m'magulu a kutchalitchi, ndi inu nonse amene anthu amakutamandani kuti simukana, dziyang'anitsitseni. Mukagona n'kudzuka muli bwino, kumeneko ndi kutopa wamba, thokozani Mulungu. Koma mukaona kuti munthu amene mumamukonda akukuitanani, inu n'kumva mkwiyo kapena osamva kanthu, musadzinamize kuti mwakhwima. Uzani wina tsiku lomwelo, tulani katundu wina, ndipo musachite manyazi kupempha mnzanu kuti alowe m'nyumba mwanu akugwirireni beseni. Ine ndikanangogogoda kwa mayi mmodzi wa m'gulu lathu, Tisa akanasamba.

Ndinamulonjeza madzi otentha ndipo ndinamupatsadi, koma iye sanawamve.